Utsi wa Mbaula ya Elina

Chifuwa cha Lushomo chinayamba ndi kuzizira kwa Juni, koma nyengo yotentha inafika chisanathe. Mwana amene kale ankasokosera mdadada wonse wa ku Chawama tsopano ankangokhala pakhomo, akupuma ngati wakwera phiri. Mayi ake, Elina, anapita naye ku kiliniki. Mankhwala ankathandiza, koma akangotha chifuwa n'kubwereranso. Elina anali ndi mantha aakulu, ndipo sankauza munthu.

Elina ankagulitsa vitumbuwa, ndipo pa kuyatsa mbaula analibe mnzake. Ankapota timatumba ta pulasitiki, n'kutiyatsa, moto n'kumadonthera pa makala. Kaya makala anyowa, ankagwira basi. Timatumbato ankatisunga pansi pa matiresi ngati chuma, moti wofuna kukangana naye angomutayira kamodzi. M'mawa uliwonse ankayatsira pakhomo penipeni pothawa mphepo, Lushomo atanyonyomala pambali kudikira kuotha.

Tsiku lina kunabwera Ba Mukupa, mayi wa zaumoyo amene ankayendera ana odwala m'makomo. Anapeza utsi wakuda uli tolo, mwana ali m'kati mwake.

"Ba Elina, chosani mwana apo!" anatero asanapereke n'komwe moni. "Muyasha na plastiki masiku onse?"

"Nanga niyashe na chani, ba Mukupa? Malasha ya masiku ano ni yovuta. Komboni yonse tichita so."

Apo n'kuti Dixon, mwamuna wa Elina, akutuluka kupita ku minibasi imene ankayendetsa. Ba Mukupa anamuimitsa.

"Ba Dixon, mungamukhazike mwana kumbuyo kwa basi, injini ilikulila?"

"Awe! Uja usi ni poizoni," anayankha Dixon.

"Manje mvelani. Plastiki na dizilo ni vana va mimba imodzi. Vonse vichokela ku mafuta yamene bakumba pansi. Mukashoka plastiki, mwana apuma usi wa mafuta, pamodzi na mankhwala yamene baikamo popanga."

Dixon ananunkhiza mpweya, n'kukhwinyata. Fungolo ankalidziwa bwino, kungoti sanaganizepo kuti angalipeze pakhomo pake. Elina anayang'ana kathumba kosungunuka kamene kanali m'manja mwake. Ankaganiza kuti akufunditsa mwana wake ku mphepo, osadziwa kuti akumudwalitsa yekha ndi utsi. Misozi inalengeza.

"Musazipase mulandu," anatero Ba Mukupa mofatsa. "Simunazibe. Pelekani mwana ku kiliniki futi, amalize mankhwala. Koma usi uyu ukapitiliza, mankhwala yazagwila nchito ya mahala, yopanda phindu."

"Manje vitumbuwa nizaphika bwanji? Bakasitoma sibayembekeza."

Ba Mukupa analoza kutsidya kwa msewu, kumene Cephas kalipentala ankapala matabwa. Zopalapala zinali mulu, zikungouluka ndi mphepo.

"Vija ataya chabe. Makoko ya nshaba, uja mtedza, na visononkho va milisi, chija chimanga, navo viyaka bwino. Mbaula muziyashila panja, mwana ali patali. Ku maliketi nyamulani basiketi. Plastiki yamene simunatenge, simuzaishoka."

Cephas anaseka atamva pempho la Elina. "Tengani vonse, mulamu, munithandize kupyanga, natopa kusesa!"

Tisanamizane, zinthu sizinayende tsiku loyamba. Zopalapala zinapsa n'kusanduka phulusa makala asanagwire, ndipo Elina, katswiri uja, anakupiza mpaka mkono kuwawa. Ana a sukulu anadutsa vitumbuwa visanapse. Dzanja lake linafika mpaka pansi pa matiresi, koma atamva Lushomo akutsokomola, analibweza. Mawa lake anaphunzira kuika zopalapala pansi, timakala tating'ono pamwamba, akuluakulu pambuyo. Moto unagwira bwinobwino.

Chuma cha pansi pa matiresi chija anachipereka kwa anthu otolera mapulasitiki okakonzanso. Ku msika ankapita ndi basiketi, ndipo ogulitsa tomato akamutambasulira kathumba ankapukusa mutu. Makasitomala a pafupi anawazoloweza kubwera ndi mbale. Ena ankamuseka kuti wasanduka wa kumudzi. Iye ankangoti, "Sekani, mwana ni wanga." Posakhalitsa osekawo anayamba kupezana naye kwa Cephas, mpaka zopalapala zinayamba kuchepa.

Mvula yoyamba isanagwe, Ba Mukupa anabweranso. Sanamupeze Lushomo pakhomo. Anamumva chabe, kuseri kwa nyumba, akuthamangitsa anzake ndi mawu oboola makutu.

"Simumukalipila? Achita chongo maningi," anatero Ba Mukupa moseka.

Elina anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Mulekeni apunde, akuwe mwamene afunila. Ichi chongo nenze nachiyewa, nenze nachisowa maningi."

Pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, gwero lomwelo la petulo, dizilo ndi palafini. Tisamamuwotche, kaya poyatsa mbaula kaya pa dzala, chifukwa utsi wake umawononga mapapo, makamaka a ana. Tinyamule basiketi, tiyatsire zouma zimene zatizungulira, ndipo mbaula tiziyatsira panja. Kuchepetsa kudalira mafuta sikuyambira kutali ayi. Kwa Elina kunayambira pakhomo pake, ndipo malipiro ake ndi mwana amene akupuma bwino.