Roketi ya Britta pa Madzi Oundana

Roketiyo inakhala pamwamba pa firiji kuyambira chilimwe, mpaka fumbi linaizolowera. Inali yachikatoni, yotalika ngati mkono, yopakidwa penti yofiira. Britta anaipanga ndi bambo ake, bamboyo asanasamukire ku mzinda wa Fargo kwa mkazi wina. Chimene Jolene, mayi ake a Britta, anatsala nacho ndi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi ndi lonjezo la bamboyo: "Tikaiulutsa Loweruka."

Loweruka loyamba anapita kupaki. Asanatsegule n'komwe bokosi la roketi, mlonda anali atafika.

"Mayi, chilichonse chouluka ndi moto n'choletsedwa pano."

"Ndiye tipite kuti, bambo?"

"Kulikonse, bola pasakhale pano."

Kusukulu anamuuza za inshuwalansi. Mlimi wina anati mapesi a chimanga auma, amuotchera munda; mvula itagwa anati amupondera dothi. Bwalo la kutchalitchi analikana yekha Jolene ataona mawaya a magetsi, poti iye ndi munthu amene amaona ngozi ngakhale mu supuni. Koma chimene chinamuwawa si kukanidwako. Britta anasiya kufunsa. Loweruka likafika ankangoyang'ana pafiriji n'kunena kuti, "Zilibe kanthu, amayi," ndi mawu omwe aja amene ankayankhira bambo ake akalephera kubwera.

Mu Januwale, chisanu chili pachimake, mlongo wa Jolene wamng'ono, Curt, anabwera kudzadya, akununkha nsomba.

"Achemwali, ndaona anthu ena a maroketi. Amaulutsira pakati pa nyanja, pafupi ndi pomwe ndimawedza. Kulibe mtengo, kulibe waya, kulibe udzu woti upse. Chilolezo ali nacho."

"Iwe ukufuna ndikaimike mwana wanga pamwamba pa madzi?"

"Aundana! Ine ndimaimikapo galimoto."

"Iwe unaimikapo galimoto m'ngalande."

Britta sanaseke. Anangoyang'ana amayi ake, kenako n'kubwezera maso m'mbale. Jolene anakukuta mano.

Loweruka anafika kunyanja Britta atavala jekete yoyandamitsa pamwamba pa chikhoti, manja ali tambalale ngati choopsezera mbalame. Curt anaseka mpaka kutsokomola. Jolene anaima pamtunda, mapazi onse awiri pa mwala, n'kunena kuti aziona ali pomwepo. Kutaliko kunali matebulo, mbendera ndi kagulu ka anthu. Curt anapita ndi mwana.

Posakhalitsa anabwerera, atatsagana ndi mkulu wina wa ndevu zoyera ndi chisanu, bambo Ostby, woyang'anira chitetezo.

"Roketi ili bwino, mayi, mwanayu ali ndi manja abwino. Koma kuno mwana sagwira batani loulutsira popanda kholo kuima pambali pake."

"Amalume ake alipo."

"Ndati kholo. Komanso amalume awa ndimawadziwa."

Jolene anapsa mtima. Dziko lonse la mtunda lamukana, ndipo malo okhawo omulola ndi amene alibe pansi! Anatsegula pakamwa kuti anene kuti Loweruka lina, koma anaona Britta atayamba kale kubweza roketi m'bokosi, mwakachetechete, ngati munthu amene ankadziwa.

"Siya zimenezo," anatero Jolene. "Gwira dzanja langa."

Anayenda mokwekwereza mapazi. Pansi panamveka kugunda kwakutali, ngati chitseko cha chitsulo, iye n'kuima njo.

"Madziwa akungodziwongola msana, achemwali," anatero Curt.

"Ukalankhulanso ndikuponya m'dzenje lako la nsomba."

Atafika, anaika roketi pa ndodo yake, nalumikiza timawaya. Anthu onse anabwerera m'mbuyo n'kuwerenga mokweza chotsitsa. Britta anadina batani.

Zii.

Jolene anafuna kuthamangirako, koma bambo Ostby anamutchinga ndi mkono. "Ikakana sitiyandikira msanga. Imatha kusintha maganizo." Anadikira, mphepo ikuwaluma makutu. Kenako mkuluyo anatulutsa mabatire m'kabokosi ka batani. "Azizidwa awa. Ikani m'khwapa, mayi, pakhungu penipeni."

Apo ndiye Jolene anaima pakati pa nyanja, mabatire ozizira ali m'khwapa, akutukwana chamumtima mlonda wa paki, sukulu, mlimi, ndi mwamuna wa ku Fargo makamaka.

Kachiwiri anawerenganso. Kunamveka fyuu! Utsi woyera unakwera mowongoka, roketi n'kusanduka kadontho. Kumwambako parachuti yake inatambasuka ngati ambulera, Britta n'kukuwa mawu amene Jolene anali asanawamve kuyambira chilimwe.

Ndiye mphepo inaitenga. Inapita nayo, kudutsa mbendera, kudutsa tinyumba ta asodzi, mpaka kukaitula pakati penipeni pa nyanja, kumene ngakhale galimoto ya Curt kunalibe.

"Woulutsa ndiye amakatola," anatero bambo Ostby. "Kumeneko ndinapimako m'mawa, n'kolimba."

"Amayi, tiyeni!" Britta anali akumukoka kale. "Ndiye Loweruka likubwerali tibweranso? Tibweranso, eti?"

Jolene anayang'ana kadontho kofiira kutaliko, n'kuyang'ana kumtunda kumene anasiya mwala wake. Anausa moyo.

"Usathamange," anatero. "Ndati usathamange, iwe!"

Ndipo anamutsatira, akukwekwereza mapazi.