Bokosi la Luisa

Anthu awiri atatulutsa bokosi lachitsulo n'kuliika pamphasa, Jesinta anagwira mfundo ya chitenje chake pomwe anamangirira kiyi. Linali tsiku lachitatu chiikireni mkulu wake Luisa m'manda, ndipo abale anali atasonkhana pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwa nyumba ya mayi awo ku Bangula, kuti agawane katundu wa malemu. Zovala zinali zitapita kale. Nsapato zoyera za unamwino zinagwera msuweni wina amene mapazi ake anali aakulu kuposa nsapatozo. Chinatsala ndi bokosilo.

A Geresomo, bambo awo aang'ono, ndiwo ankatsogolera mwambowo. Iwo anati katundu wa womwalira sagawidwa kumbali. Chilichonse chimatsegulidwa anthu akuona, kuti mawa wina asadzaloze mnzake chala. Fanizo, mchimwene wawo wa atsikanawa, anawonjezera kuti zamveka kuti mapepala a dimba la m'mbali mwa Shire ali momwemo, ndipo iye sangakhale akulima malo amene mwina analembedwa kale m'dzina la munthu wina.

Jesinta anawerama. Mawu amenewo anachokera pakamwa pake. Pa tsiku la maliro, akusenda anyezi ndi azakhali, anati Luisa ankagona ndi kiyi wa bokosilo m'khosi, ndipo ndani akudziwa, mwina ndi mapepala a dimba. Ankadziwa bwino lomwe kuti dimbalo silinakhalepo ndi pepala chiyambire pomwe agogo awo analilambula atawoloka kuchokera ku Mozambiki. Anangofuna kuti wina amve kuti malemu amene aliyense ankamutamayo anali ndi zake zobisa.

Luisa anali mphunzitsi wa anamwino ku yunivesite, ndipo ankachita kafukufuku wa digiri ya PhD. Miyezi isanu anakhala pakhomopo, akuzungulira midzi pa kabaza ndi kawailesi kojambulira mawu, kufunsa amayi chifukwa chimene ena amachirira kunyumba, mankhwala amene amamwa kuti matenda a pobereka afulumire, ndi zina zimene sauza anamwino. Ankati ophunzira ake amawerenga mabuku onena za amayi a kumayiko ena, ndipo iye ankafuna kuti adzawerenge za amayi a kuno, kenaka nawonso adzachite kafukufuku wawo. Jesinta, amene anasiya sukulu ali Fomu 2 n'kukhala akusamala mayi awo, ankangomvera akutsuka mbale. Tsiku lina mayi atadwala malungo, Luisa anawapatsa mankhwala n'kukwera kabaza. Madzulo ake Jesinta anamuuza kuti ndi namwino wa mapepala basi. Patangotha sabata, Luisa anagwa ali panjira yopita kumsika, ndipo anafika kuchipatala atatha kale. Mawu aja Jesinta sanawabweze.

Dzulo la tsiku logawa katunduli, mnzake wa malemu wa ku yunivesite, Dokotala Prudence, anali ataimba foni. Anapempha kuti bokosilo lisatsegulidwe mpaka iye atafika Lachisanu, chifukwa munali mapepala a chilolezo okhala ndi mayina ndi zidindo za zala za amayi onse amene anafunsidwa, komanso zimene ananena. Jesinta anavomera, koma sanauze munthu. Kuwauza kukanatanthauza kuulula kuti za dimba zija anapeka.

"Kiyi ali ndi iwe, mwanawe," anatero a Geresomo. "Bweretsa tione. Dzuwa likukwera."

Jesinta anayang'ana kumbali kwa amayi. Pamphasa zitatu panali akazi a m'mudzimo amene anabwera kudzathandiza kuphika, ena mwa iwo amuna awo atakhala pamabenchi chapafupi. Mkazi wa Fanizo, Immaculate, anali atasiya kuyamwitsa, maso ali pabokosi. M'midzi yambiri ya kumeneko mayi wochirira kunyumba amalipitsidwa mbuzi, ndipo mwana amene Immaculate ananyamulayo banja lonse linkadziwa kuti anabadwira panjira yopita kuchipatala. Jesinta anaona nkhope ya mlamu wakeyo n'kuzindikira kuti panjirapo mwina panali pakhomo.

Anagwada pamaso pa a Geresomo. Ananena kuti mulibe pepala la dimba, kuti iye ndiye anayambitsa nkhaniyo akudziwa kuti ndi bodza, ndi kuti muli mawu a anthu amene malemu analonjeza kuwasungira. Mawu ake ankatuluka pang'onopang'ono, ngati akukoka chidebe m'chitsime chakuya.

Fanizo anaseka mopanda chimwemwe. Anati Lolemba munali mapepala a dimba, lero muli zinsinsi, mawa mudzakhala chiyani, nsomba zouma? Ena pamabenchi anaseka nawo. A Geresomo sanaseke, koma anati munthu amene wanama kamodzi pamaliro sangakhale mboni ya mawu akeake. Ngati mulibe kanthu, atsegule, iwo angoyang'ana pamwamba.

"Pamwamba pomwepo ndi pamene pali mayina, bambo," anatero Jesinta.

"Ndiye kuti unatsegulapo?"

Anali asanatsegulepo, koma anaona kuti palibe amene angamukhulupirire. Fanizo anali ataimirira kale, akufunsa komwe kuli nyundo.

Pamenepo mayi awo, a Esinala, amene chifikireni thupi la mwana wawo anali asanayankhule pagulu, anadzuka pamphasa. Anayenda mogwirira bondo, nafika pabokosipo, n'kukhalapo. Anakonza mpango wawo wakuda.

"Alamu," anatero kwa a Geresomo, "mawu anga ali muno. Mukufuna muwawerenge pamaso pa ana?"

Jesinta anadzutsa mutu. Miyezi isanu yonse ija anali m'nyumba yomweyo, ndipo sanadziwe.

A Esinala anafotokoza, akusakaniza Chisena monga ankachitira mtima ukawawa, kuti Luisa anawafunsa tsiku lina Jesinta atapita kuchigayo. Anawawerengera pepala lonse mpaka kumapeto, ngakhale iwo ankamuuza kuti asataye nthawi, ndi mayi ake. Anawauza kuti akhoza kukana, ndipo akakana iye adzadyabe nsima yawo. Atavomera, anamuuza zimene sanauzepo mwamuna wawo mpaka anamwalira. Patatha milungu iwiri mwanayo anabweranso, kudzawawerengera zimene analemba ndi kufunsa ngati analemba molondola.

"Ndinamubala ndine," anatero, "koma anandipempha chilolezo atagwada."

A Geresomo anayang'ana akazi aja pamphasa. Palibe amene anawayang'ana. Anakanda chibwano nthawi yaitali, kenaka anati bokosilo si katundu wa malemu, ndi katundu wa eni ake amene anamusungitsa, choncho silikugawidwa. Fanizo anafuna kuyankhula, koma a Geresomo anamuuza kuti akhale pansi.

Anthu atayamba kubalalika, Jesinta anakhalabe chogwada. Anamasula kiyi uja n'kuwapatsa mayi ake, ndipo anati akufuna kupepesa koma sakudziwa kuti apepese kwa yani. A Esinala anatenga kiyiyo, nasendera kumbali pang'ono pabokosipo, n'kusiya malo okwana munthu mmodzi.

Jesinta anakhala pamenepo. Chitsulocho chinali chitatentha ndi dzuwa, koma onse awiri sanadzuke.