Anthu Atatu Osowa mu Lipoti

Ntchito anandipezera ndi alamu anga, amuna awo a achemwali, omwe ankayang'anira makompyuta pafakitale yocheka matabwa. Sabata yachiwiri anandipatsa fayilo yakale ya XSLT kuti ndiikonze, ndikatha nditumize lipoti. Fayiloyo inkatenga mndandanda wa ngozi za pantchito, wolembedwa m'chinenero cha kompyuta cha XML, n'kuusandutsa lipoti lopita kwa oyendera mafakitale.

Ndinaitsegula mu pulogalamu yokonzera mafayilo m'mawa. Kumanzere kunali XML, pakati malamulo a XSLT, kumanja zotuluka. Nditadina poyesera, analowa anthu 41, anatuluka 38. Ndinayesanso kawiri, chimodzimodzi. Kenako ndinaupeza mzere wake, lamulo limodzi la xsl:if lolumpha aliyense amene anaduka chiwalo. Nditaufufuta, mayina atatu anatulukira kumanja. Lina linali la bambo amene ankatitsegulira geti ndi dzanja limodzi. Ndinasunga fayilo, lipoti n'kulitumiza.

Alamu analowa masana, kapu ya tiyi ili m'manja. Anayang'ana pasikirini kwa nthawi.

"Mlamu, mwachotsa chiyani apa?"

"Mzere wobisa anthu."

"Ubwezereni."

"Lipoti lapita kale."

Anaika kapu padesiki bwinobwino, n'kutseka chitseko. Mbama yoyamba inandigwetsa pampando. Ndisanadzuke anazula kiyibodi n'kundimenya nayo kumaso, mabatani ake kuchita kumwazika pansi. Ndinamva dzino likuthyoka, m'kamwa mwadzaza magazi. Anandidzutsa ndi tsitsi, kundigwira pakhosi, n'kundikanikizira mutu pasikirini mpaka inasweka.

"Ndinakutola ulibe ndi nsapato zomwe," anatero chonong'ona. "Ana a mchemwali wako adya chiyani? Adya iweyo?"

Mpweya unali utandithera, m'maso mwachita mdima. Dzanja langa linkangopapasa padesiki mpaka linagwira sitepula yaikulu yachitsulo. Ndinawamenya nayo pakhutu. Sanandisiye. Ndinawamenyanso pomwepo ndi mphamvu zonse, ndipo anagwada atagwira mutu, magazi akutuluka pakati pa zala. Ndinakwawa kukatsegula chitseko. Amayi oyeretsa m'maofesi anali ataima pakhomo ndi ndowa yawo, ndipo ndi amene anaitana alonda.

Kuchipatala anandisoka mlomo ndi pachipumi. Achemwali anabwera mawa lake, anakhala kumiyendo kwa bedi osandiyang'ana.

"Ukanayamba wandiuza ine," anatero.

"Mukanatani, achemwali?"

Anangopinda mpango wawo n'kuutambasulanso.

Oyendera aja anafika Lachinayi ndipo anatseka macheka awiri. Alamu anachotsedwa ntchito, anakhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi, ndipo khutu lawo lamanzere silimvanso. Ine eni fakitale anandiuza mwaulemu kuti ndipumule kaye, mpaka lero sanandiitane. Ndinapeza ntchito kwina patapita chaka.

Achemwali salowa m'nyumba mwanga. Ana awo amawatumiza Loweruka, koma amawaperekeza mpaka pamphambano basi, iwo n'kubwerera.