Chingwe Chopita ku Mtengo wa Mango

Utsi wa mtovu unali utadzaza kachipinda pamene Ennie anagogoda ndi supuni pazenera la khitchini. Kugogoda katatu kunkatanthauza kuti tiyi wapsa. Jeffrey anamva ndithu, koma dzanja limodzi linali litagwira chowotcherera, lina litapana kawaya kofiira pa mota yachitatu, ndipo kawayako kanali katamuvuta kuyambira m'mawa.

"Nibwera, amake Vivian!" anakuwa osatembenuka.

Anabweradi, koma patapita maola awiri. Tiyi anali atazizira m'kapu, ntchentche ikusambiramo. Ennie anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango, manja ali pamiyendo, nkhope italoza kumsewu wa Nakatindi kumene mabasi a alendo ankadutsa.

"Maso ali bwanji lero?" anafunsa Jeffrey ali chiimire.

"Aliko."

"Muona?"

"Niona. Pitani ku nchito yanu."

Jeffrey anamwa tiyi wozizirayo n'kubwerera. Panjira anakodwa pa chingwe choyanikira zovala, chimene mkazi wake anali atachimasula kumwamba n'kuchimanganso m'munsi, cholekeza m'chiuno, kuchokera pakhomo la khitchini kukafika pamtengo.

"Nanga chingwe ichi mutchera nacho akawalala?"

"Mapewa aniwawa poyanika," anayankha Ennie.

Jeffrey anaseka, nadumpha chingwecho, nalowa m'kachipinda kake n'kutseka chitseko.

Munthuyu anali wojambula zithunzi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anaima pafupi ndi chipata cha Mosi-oa-Tunya, kamera ili pakhosi, kujambula alendo onyowa ndi nthunzi ya mathithi. Ennie ankagulitsa zitenje chapafupi pomwepo. Tsiku lonse mahelikopita ankadutsa pamwamba pawo atanyamula alendo, ndipo Ennie ankakonda kuimitsa malonda, kuika dzanja pamphumi n'kumawatsatira ndi maso. "Ife tingomva chabe phokoso," ankatero. "Tsiku limodzi nifuna nione mwamene aonera aja, kuchokera kumwamba." Ankanena moseka, koma ananena kambirimbiri, ndipo mwamuna wake anazisunga.

Kenaka mafoni anabwera, aliyense n'kukhala wojambula. Jeffrey anapachika kamera. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Vivian, anakwatiwa ku Kitwe. Abale onse anali ku Katete, ulendo wa masiku awiri pa basi. Pakhomo panatsala anthu awiri ndi nkhuku zisanu. Ndiye mu Januwale dokotala anawauza kuti matenda a shuga alowa m'maso mwa Ennie, ndipo kuona kwake kuzipita pang'onopang'ono. Liti? Dokotalayo anangotambasula manja.

Jeffrey sanalire. Pobwerera kunyumba helikopita inadutsa, ndipo anaona mkazi wake akuifunafuna kumwamba. Mtima unamupweteka koopsa. Tsiku lomwelo anatsimikiza kuti apanga droni, kandege kakang'ono ka mapiko anayi konyamula kamera, kuti Ennie aone Livingstone kuchokera kumwamba maso asanatseke.

Koma sanamuuze. Apa m'pamene panagona vuto lonse. Jeffrey anakulira m'nthawi ya filimu, pamene chithunzi chinkatsukidwa mumdima, ndipo pa moyo wake wonse sanaonetsepo munthu ntchito yosatha. Kachipinda kakuseri kwa nyumba n'komwe ankatsukiramo zithunzizo. Lamulo la pakhomopo linali lodziwika kuyambira ali achinyamata: chitseko chija chikatsekedwa, palibe wotsegula, chifukwa kuwala pang'ono kokha kumawononga ntchito ya tsiku lonse. Filimu inatha kalekale, koma lamulo linatsala. Ennie sankafika n'komwe pafupi ndi chitsekocho.

Ndiye Jeffrey anadzitsekera. Thupi la droni analidula kuchokera ku felemu yakale ya zenera. Mamota anayi anabwera pa basi kuchokera ku Lusaka atakulungidwa m'nyuzipepala. Zina zonse ankaphunzira pa foni, kuonera mavidiyo a anyamata olankhula mofulumira ngati akuthamangitsidwa, kubwereza kakhumi, magalasi ali pamphuno. Tsiku loyamba kuiyatsa anali atamanga mapiko awiri mozondoka. Droni inadumpha patebulo, inatembenuka chagada, n'kumutema chala. Anadzimanga ndi kansanza osauza munthu, nayambiranso.

Mvula inatha, Isitala inadutsa, mphepo ya Meyi inayamba. Masiku ena, ali pakati pa ntchito, ankaima n'kumvetsera. Kunja kunali zii, kupatula nkhuku. Ankasungulumwa m'kachipindamo, ankalakalaka atamuitana Ennie kuti adzangokhala pampando n'kumamunyoza ngati kale. Koma ankadziuza kuti atsala pang'ono, ndipo tsiku lililonse lotayika ndi tsiku limene maso aja akucheperachepera.

Lachinayi lina masana kunabwera Simasiku, mnzake woyendetsa alendo kuchokera ku bwalo la ndege kupita kumaloji. Ndiye anali atamupezera kamera yaing'ono yosweka galasi imene mlendo wina anaitaya, ndipo tsikuli anabweretsa batire. Iyenso sanaloledwe kulowa. Anakambirana ataima pakhomo, chitseko chitatsegulidwa pang'ono.

"Ba Jeffrey, imwe na ndeke yanu iyi," anatero Simasiku akusuzumira. "Muziba kuti ku mathithi sibangakuvomelezeni? Kuja kuli paki, kuli mahelikopita. Bazakugwilani, mudala."

"Nidziwa. Sinipita kuja. Pano pamene pakhomo, nikweze chabe pamwamba pa mitengo. Utsi wa mathithi uoneka olo uli kutali."

"Manje ba mayo baziba?"

"Azadziwa ikatha."

Simasiku anakanda mutu, nayang'ana kumtengo wa mango, n'kutsitsa mawu.

"Awe, ine nabapasa moni apa. Bayanka bwino, koma bayangana ku geti. Ine nenze naimilila pambali pabo, apa so."

"Ni dzuwa," anatero Jeffrey. "Likawala maningi awavuta. M'nyumba aona bwino."

"Shuwa?"

"Anena okha."

Jeffrey analandira batire, natseka chitseko. Mawu aja anamulasa, koma m'malo moti apite pamphasa akafunse bwino, anawonjezera liwiro la ntchito. Sabata imeneyo ngakhale kutchalitchi sanapite. Sanazindikirenso kuti Ennie nayenso anali atasiya kupita kumsonkhano wa amayi wa Lachinayi, ndi kuti yunifolomu yake inali itakhala pa hang'ala miyezi iwiri osatsika.

Droni inatha Loweruka lachiwiri la Juni. M'mawa kunali kozizira, kumwamba kopanda mtambo. Jeffrey anameta ndevu, navala kajekete kake kakale ka matumba ambiri kamene ankajambulira alendo. Anatsegula chitseko chonse, koyamba pa miyezi isanu, natulutsa chinthu chake n'kuchiika pansi pakhomo pa kachipindako.

"Amake Vivian, khalani pamene mulipo. Musaope phokoso."

"Phokoso la chani?"

"Muzaona."

Anayatsa. Mapiko analira ngati njuchi zolusa, fumbi linabuka, nkhuku zinabalalika. Droni inanjenjemera, inapendekera kumanzere, Jeffrey n'kuiwongola ndi chala chija chachipsera. Kenaka inakwera. Inapitirira denga, inapitirira nsonga ya mango, n'kuima m'mwamba bwinobwino ngati yakhala ikuchita zimenezi kuyambira kale.

Pa foni yomangirira pa rimoti panaoneka madenga a malata, msewu wa Nakatindi, basi yoyera ikukwawa. Anatembenuza droni pang'ono. Kutali uko, kuseri kwa mitengo, nthunzi ya Mosi-oa-Tunya inali itaima yoyera mbee. Jeffrey anajambula, najambulanso, akuseka yekha. Asanaitsitse analozetsa kamera pansi n'kujambula pakhomo pake.

Droni itatera, anamasula foni, nadumpha chingwe chija, nagwada pamphasa.

"Onani! Onani, mayi! Munali kufuna kuona mwamene aonera aja. Ni iyi. Napanga nekha."

Ennie anatambasula dzanja. Linapita pambali, n'kugwira mpweya. Linabwerera, linakhudza bondo la mwamuna wake, linakwera mkono, mpaka linapeza foni. Anaigwira mozondoka, naiyandikiza kumaso, n'kumwetulira.

"Ni yabwino," anatero.

Pa foniyo chithunzi chinali chitachoka kale. Chala chake chinali chitakhudza pena, ndipo panangotsala mndandanda wa manambala. Jeffrey anayang'ana foni, anayang'ana nkhope ya mkazi wake.

"Ennie." Dzinali anali asanalitchule kwa zaka. "Muona chani?"

Ennie anatsitsa foni pamiyendo.

"Niona kuti kwacha," anatero. "Kukada niona kuti kwada. Basi."

"Kuyambira liti?"

"Isitala. Pa Lachisanu Loyera ninaona mtanda kutsogolo. Pa Sondo sininauone."

"Nanga osaniuza bwanji? Tsiku lililonse nenze kufunsa!"

"Munali kufunsa muli chiimire, atate ake Vivian. Mwendo umodzi uli kale ku chitseko chanu." Sanakweze mawu. "Ine ninaganiza kuti mwatopa nane. Ninati, mwamuna uyu waona kuti mkazi wake akhala wakhungu, ndiye wapeza kobisala. Nikamuuza kuti zatheratu, azachita bwanji? Ninaopa."

Jeffrey anachita manyazi, manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Anatenga foni ija n'kubwezeretsa zithunzi, posowa poika maso. Chomwe chinabwera chinali chomaliza chija, cha pakhomo pawo.

Anali asanaonepo bwalo lake chotero. Masamba ouma anali mbwee paliponse, chifukwa wosesa anali atasiya kusesa. Pakati pa masambawo panali tinjira tiwiri toyera, topondedwa mpaka kusalala. Kamodzi kankachoka pakhomo la khitchini, kutsata chingwe ndendende, kukathera pamphasa. Kena kankachoka pakhomo lomwelo kukhotera kuseri, kukathera pa kachipinda. Pakati pa tinjirati panalibe phazi. Pansi pa mtengo panali kadontho ka duku wabuluu. Kutali, m'mphepete mwa chithunzi, panali kadontho kena ka munthu ataweramira rimoti.

Anayang'ananso chingwe chija, cholekeza m'chiuno, chakuda ndi thukuta la m'manja. Panalibe chovala ngakhale chimodzi.

"Mwakhala chete," anatero Ennie. "Ikuoneka bwanji? Niuzeni. Si ndiye munapangira?"

Jeffrey anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, nakhala pansi bwinobwino pamphasa. Anayamba ndi chithunzi cha mathithi. Anamuuza za nthunzi, kuti yaima ngati utsi wa munthu wotentha munda. Anamuuza za msewu, za denga la tchalitchi chawo limene kumwamba kwake linali ladzimbiri kuposa mmene amaganizira, za mathanki a madzi a kumaloji. Ennie ankafunsa, iye ankayankha. Pena anaseka, atamva kuti denga la neba wawo wonyada uja lapsinjidwa ndi matayala akale.

"Nanga pano pakhomo?"

"Mulipo. Duku wanu aoneka."

"Nanga imwe?"

"Nilipo."

"Pati?"

"Kutali," anatero. "Ku chitseko."

Ennie anangogwedeza mutu. Kenaka anati, "Bweretsani nichigwire, chinthu chamene chinanilanda mwamuna."

Jeffrey anakatenga droni, nachotsa batire, naiika pamiyendo pake. Zala za Ennie zinayenda pa mapiko, pa mamota amene anali akadali ofunda, pa timfundo ta mtovu. Zinafika pa felemu n'kuima.

"Iyi si zenera ya ku bafa iyi?"

"Ni yamene."

"Hee! Ndiye chifukwa chake mphepo inali kunipha posamba."

Anaseka onse awiri, kuseka kwakufupi, kotsala ndi misozi.

Madzulo ake Jeffrey analowa m'kachipinda, nakoka tebulo lake lolemera lija yekha, kulidutsitsa pa masamba ouma mpaka pansi pa mango. Miyendo ya tebulo inasiya mizere iwiri pakati pa bwalo. Anabwerera kukatenga chowotcherera, mawaya ndi mpando. Chitseko anachisiya chotsegula, ndipo nkhuku imodzi inalowamo osabwezedwa.

Pomaliza anamasula nsonga ya chingwe pamtengo, naimanga pa mwendo wa tebulo.

"Mukatsata chingwe," anatero, "muzanipeza apa."

Ennie anaimirira, nagwira chingwe, nayenda masitepe atatu. Dzanja lake linafika pa tebulo, linadutsa pa mawaya, n'kupeza phewa la mwamuna wake. Analisiya pomwepo.