Gomani wa a Fakiri

Anthu a pa Benga amati ine Fyness ndine wapakamwa. Anene! Ndagulitsa matimati pamsika umenewu kuyambira nthawi ya makhadi a chipani, ndipo zimene ndinaona chaka chotsatira mavoti a matipate sindingazisunge m'mimba.

Pafupi ndi ine pankakhala amake Ummy, dzina lawo Rahila, ogulitsa ufa wa kondowole. Mayi ameneyu anali ndi kachitidwe kakekake. Wogula asanatsegule jumbo, iwo ankayamba atapa ufa ndi zala n'kuika palilime, wogulayo akuona. Ankati akuchotsa ufiti, monga achitira mwini mowa. Ife tinkawaseka kuti Msilamu za mowa wazidziwira kuti, koma chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Chinangwa cha kuno ndi gomani, chowawa chija. Ukachivuula m'madzi chisanavunde, ndiye kuti wadyetsa anthu poizoni. Akuluakulu amachita chizungulire n'kusanza, koma ana amapita kumanda.

Chaka chimenecho njala inaluma. Mvula inadula, chimanga chili lende m'minda, ndipo anthu akumtunda amene ankanyoza kondowole kuti ndi ulimbo anayamba kutsika kudzamufuna. Nthawi yomweyo mayi awo a Rahila anadwala ku Kanyenda. Ponyamuka kukawaona, a Rahila anasiya gomani m'madzi, n'kuwauza amuna awo, a Fakiri, kuti asamukhudze mpaka atafewa.

A Fakiri! Munthu amene anamva mawu oti demokalase n'kumayesa kuti ngakhale chinangwa chizivunda pa nthawi imene iye wafuna.

Tsiku la msika ndinangoona atulukira pa njinga ndi matumba awiri, n'kukhala pamalo pa akazi awo. Ufa wake woyera kuti mbee, koma kafungo kowawasa ka kondowole kalibe. Ndinawafunsa.

"A Fakiri, ufawu bwanji sukununkha?"

"Inu mayi, samalani matimati anuwo. Pano ndi ufulu."

"Ufulu tamva. Lawani tione."

"Ndili pa swaumu ine. Simukudziwa kuti uno ndi mwezi wa Ramadhani?"

"Akazi anunso amasala, koma amalawa n'kulavula. Lilime lanu ndi lagolide?"

Anthu anali ataunjikana kale, mabeseni ndi majumbo m'manja, ndipo mawu anga anamira m'phokosolo. Amene ndinawakoka chitenje anandiyang'ana ngati ndikuchita nsanje. Munthu wanjala sungamuuze kanthu.

Dzuwa lili pamutu, amake Ummy anatsika basi yochokera ku Dwangwa akubwerera kwa mayi awo, kachikwama kali m'khwapa. Anaima patsogolo pa amuna awo osapereka ndi moni womwe. Thumba limodzi linali litatha, lina lili pakati. Anapisa zala, kuika palilime. Nkhope ija inasintha ine ndikuona. Analavula, kupukuta pakamwa ndi mpango, n'kulavulanso.

"Bambo ake Ummy, chinangwachi munavuula liti?"

"Dzuwa laumitsa bwinobwino, iwe ukuona wekha kuyera kwake."

"Ndafunsa kuti munavuula liti."

A Fakiri anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Ine ndinamva zonse, makutu anga si a chiwala. Anati kuwawa pang'ono sikupha munthu, watsalayu timalize mwakachetechete, mawa anthu aiwala. Ataona kuti mkazi sakugwedezeka anati, "Ukatsegula pakamwa pano, kunyumba kwanga usakapondeko."

Mayi uja anaika kachikwama pansi, n'kukwera pa benchi yanga, kuponda ndi matimati omwe.

"Anthuni! Amene mwagula ufa pamalo panga lero musaphike! Ndi wosavunda! Walahi musapatse mwana!"

Kenako chiphokoso. Ena anabwera akuthamanga n'kukhuthula ufa pamapazi pake, ena akutukwana kuti tinkakuyesa munthu. Iye osadziteteza, osaloza chala amuna ake, ankangofunsa, "Winanso ndani? Winanso ndani?" A Fakiri anali atakankha kale njinga yawo n'kuzemba kuseri kwa magolosale. Mwamuna wamanyazi ngati galu wakuba nsomba, asa!

Ine ndinayamba kutchula amene ndinawaona akugula, chifukwa maso anga sagona. A Rashidi ogulitsa usipa anasiya nsomba zawo pamphasa n'kupalasa njinga kuloza kunyanja. Amayi ena anathamangira kumidzi ya kuseri kwa msewu. Amake Ummy analowa khomo ndi khomo, nsapato zili m'manja, pakhosi pouma ndi swaumu. Kwa a Maimuna, mmodzi wa ogulawo, anapeza madzi atawira kale, ana atakhala mozungulira ndi mbale zawo. Anachita kulanda beseni m'manja mwa mwini nyumba.

Titakumananso pamsika, aliyense ananena kumene wafika. Ogula onse anapezeka. Onse, kupatula mmodzi.

Panali mayi wina wachilendo, wa duku lofiira, mwana kumsana, ena awiri atagwira chitenje chake, timiyendo ngati bango. Anagula wambiri, wodzaza kathumba ka feteleza. Palibe amene ankamudziwa dzina. Ine ndinamuona akupita kusiteji, ndipo ndinkati anakwera matola yolowera ku Salima. A Rashidi anati ayi, inali yopita ku boma. Wogulitsa mandasi anati mwina anangowoloka msewu n'kutsata njira ya kumapiri. Tinakangana mpaka ndinapsa mtima, koma kukanganako sikunabweze munthu.

Amake Ummy anakhala pansi pa fumbi, ufa uli mbuu m'miyendo. Ndinachita mantha, ndikuuzeni, chifukwa sanalire. Anandigwira dzanja.

"A Fyness, anthu akumtunda amaopa chinangwa chathu. Mwina iyeyo analawa yekha. Mwina akalawa asanaphike. Simunamuone akulawa?"

Ndikanatha kunena kuti sindinaone, mtima wake ukhale pansi. Koma munthu amene wangotaya banja lake chifukwa chokana bodza, ine ndimunamize?

"Anafuna kulawa," ndinatero. "Anali atatambasula kale dzanja. Kenako anafunsa kuti, kodi pano ndi pamalo pa mayi aja amalawa okha? A Fakiri anati eya, ndi akazi anga, ufawu ndi wawo. Iye anabweza dzanja. Anati mbiri yanu anaimva kwawo, ndipo wadutsa misika ina dala kuti adzagule kwa inu. Anati, ngati ndi wa mayi amenewo, n'kulawiranji."

Anandisiya dzanja pang'onopang'ono. Anadzuka, osasansa ndi fumbi lomwe, n'kupita kumsewu. Matola yoyamba kuima inali yopita ku boma, ndipo anakwera yomweyo. Galimoto ikunyamuka ndinamumva akufunsa anthu a m'menemo, mmodzimmodzi, ngati aonako mayi wa duku lofiira wa ana atatu.