Madzi Okhaokha m'Chipinda Chachinayi

Chamba ndinayamba kulima ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, m'mapiri a kuseri kwa Lismore, masiku amene ukamva helikopita unkagona chafufumimba m'zitsamba n'kuyamba kukumbukira mapemphero a ku Sande sukulu. Anzanga onse anakalawako ndende. Ine ayi, osati chifukwa cha nzeru, koma miyendo ndinali nayo. Ndiye boma litasintha maganizo n'kunena kuti chamba ndi mankhwala, kunapezeka kuti onse ochidziwa bwino ali ndi mbiri kupolisi, saloledwa ngakhale kugwira chitseko cha famu. Ndinatsala ine, Merv Tierney, wopanda banga ngati mwana wa kwaya.

Lachlan, mwini famu, ndi munthu wa makompyuta wa zaka makumi anayi, ndipo sindikhulupirira kuti anasutapo ngakhale ndudu. Anagula shedi yakale yosankhiramo makademiya, n'kuigawa zipinda zisanu zopanda mawindo, n'kuika magetsi, mafani, makamera ndi mpanda woti ngakhale mphaka afunsidwe chiphaso. Tsiku loyamba anandiveka ovolosi yoyera ndi kaneti kotchinga tsitsi, ine wadazi. Ndinamuuza kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikuthawa kujambulidwa ndili ndi chamba, lero akundilipira kuti ndijambulidwe nacho.

Zambiri pafamupo zimayenda zokha. Magetsi amayaka theka la tsiku n'kuzima theka linalo, kuti mbewu ziziyesa chisanu chayandikira, zifulumire kuchita maluwa. Chakudya chawo chimabwera m'mapaipi kuchokera m'thanki. Chimene makina sanathe kundilanda ndi kutchula tsiku lodula. Duwa la chamba silipsa ngati nthochi kuti aliyense aone. Umatenga kagalasi kokuzira zinthu, n'kuyang'ana timadontho ta utomoni timene timamera paduwapo ngati tibowa. Tikakhala ngati madzi, sichinakhwime. Tikachita ngati mkaka, nthawi yakwana. Tikayamba kuoneka ngati uchi, ukuchedwa. Ukadula msanga, wodwala alipira ndalama zake n'kugona ndi ululu womwewo.

Koma tsikulo ndinkalitchula kudakali masiku khumi, chifukwa ife akale timatseka chakudya masiku khumi tisanadule, mbewu zizimwa madzi okhaokha, zimalize zimene zinasunga m'masamba. Ukangotseka, wadzimanga. Mbewu yayamba kudzidya yokha, ndipo siidikira kuti uganizenso.

Mwambo umenewu unkamuseketsa Thuy Pham, mtsikana amene Lachlan anamulemba chaka chatha kuti aziyang'anira thanki ndi mapepala a boma. Thuy anakulira m'mashedi a nkhaka a makolo ake kufupi ndi Adelaide, ndipo ali ndi madigiri awiri. Ankati ophunzira anayesa kale, kusala kudya kumeneku sikusintha kanthu. Ine ndinkamufunsa kuti ophunzirawo anasuta zingati asanalembe. Ndinkamutcha adokotala, iye ankanditcha madala, ndipo pa tiyi wa m'mawa tinkagawana payi ya nyama mwamtendere. Lachlan anagamula kuti pa zaka zinayi sindinaphonyepo tsiku, ndiye thanki ndi ya Thuy, tsiku ndi langa.

Chimene onsewo sankadziwa n'chakuti maso anga anali atayamba kuchita nkhungu. Dokotala wa m'tauni anati ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo kuchipatala cha boma mzere wa opaleshoni yake ndi wautali, mwina chaka. Ankadziwa ndi mkazi wanga Noeleen yekha, amene anayamba kundiperekeza kuntchito pagalimoto ponamizira kuti akuifuna masana. Zipinda zitatu ndinadutsa nazo mwa kuwerenga masiku, chifukwa zinali mbewu zimene ndazilima kambirimbiri. Ndinkaika kagalasi padiso, n'kukwinya nkhope, n'kung'ung'udza pang'ono, basi. Zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, wosiyira sukulu panjira, ukanena kuti suona, pafamu ngati imeneyi watsala ndi chiyani chogulitsa? Ndinaganiza kuti ndipirira mpaka dokotala andiitane.

M'chipinda chachinayi munali mtundu watsopano, umene sindinaulimepo. Pepala limene linabwera nawo linkati masabata asanu ndi atatu. Lolemba la sabata yachisanu ndi chiwiri ndinalowa, n'kuwerama pa duwa, n'kuyang'ana. Ndinaona mkaka. Ndinapita pa lina, mkaka. Mtima unakhala pansi, chifukwa maso ndi pepala zinagwirizana. Ndinatuluka n'kunena kuti chakudya chitsekedwe lero, tidula Lachinayi la sabata yamawa.

Thuy ananena mwaulemu kuti iye anaika kaduwa pa makina ake okuzira zinthu m'mawa womwewo, ndipo timadontho tambiri tidakali madzi. Ndinamuyankha pamaso pa Lachlan kuti adokotala athyola nthambi ya m'munsi, imene siona magetsi, ndipo ngati akufuna ndiwagulira kampando koti azikwerapo. Lachlan anaseka. Thuy anapita kukatseka thanki. Masana omwewo Lachlan anaimbira amayi asanu ndi mmodzi a m'tauni amene amabwera kudzasadza maluwa, n'kuuzanso ogula kuti katundu afika liti.

Loweruka ndinalowa ndekha, n'kuima pakhomo. Chipinda chimene chatsala masiku asanu chimakhala ndi fungo lolemera, lokhala pakhosi ngati jamu wapsa pamoto. Ichi chinkanunkha kapinga wongotchetcha kumene. Ndinafinya duwa limodzi ndi zala, linali lofewa, lopanda mnofu, ndipo pamwamba pake panali tiubweya tatsopano tanthete, kusonyeza kuti likukulabe. Pansi masamba ouma ankalira kumapazi kwanga. Mbewu mazana awiri zinali ndi njala pa nthawi imene zinkafuna kudya kwambiri.

Ndinatulutsa kagalasi, ndinaona mkaka. Kenaka ndinachita chimene ndinayenera kuchita Lolemba lija, ndinakaika pa chikhadabo changa. Mkaka. Pa chitsulo cha tebulo, mkaka. Mkakawo unali m'diso mwanga.

Njira yotulukira inalipo, ndipo ine njira zotere ndimaziona ngakhale mu nkhungu. Kungokhala chete. Tidule Lachinayi, tiumitse, titumize kokayeza. Zotsatira zikabwera patatha masabata atatu zoti mankhwala ndi ofooka, ndani angaloze ine? Mtundu ndi watsopano. Komanso Lolemba lotsatira m'mawa Lachlan anasuzumira m'chipindamo, n'kuona masamba achikasu mpaka pakati pa mitengo, n'kundikokera pambali. Anafunsa motsitsa mawu ngati sindikuganiza kuti Thuy ankasakaniza chakudya chochepa kuyambira pachiyambi, poti zipinda zina sizinachitepo chikasu chotere. Sindinavomere. Sindinakanenso. Ndinangoti mbewu zatsopano zimakhala ndi makhalidwe ake.

Madzulo m'galimoto ndinamufotokozera Noeleen, ndikuyesa kuikamo nthabwala. Sanaseke. Anayendetsa mpaka pa mlatho, kenaka anati zaka zonse zija ndinkanamiza apolisi iye ankagona tulo tabwino, chifukwa apolisi ankalipidwa kuti azinamizidwa. Anafunsa kuti mtsikana uja walipidwa zingati. Ndinati nkhani si ya mtsikana, ndi ya ntchito yanga. Anati akudziwa, ndipo ngati ndiisunga mwa njira imeneyo ndizipita pa basi.

Lachiwiri pa tiyi ndinamupatsa Thuy payi yonse. Anandiyang'ana, n'kufunsa ngati ndikudwala. Ndinati tiyeni m'chipinda chachinayi, ndikufuna mundionere kanthu. Tinavala maovolosi, n'kuponda m'madzi a mankhwala pakhomo, n'kulowa. Ndinamusankhira duwa la pamwamba penipeni, n'kumupatsa kagalasi.

Anayang'ana nthawi yaitali, n'kupita pa mtengo wina, n'kupitanso pa wina kumapeto.

"Madala, mukufuna ndinene zimene ndikuona kapena zimene mukufuna kumva?"

"Zimene mukuona, adokotala. Zinazo ndili nazo kale kunyumba."

"Madzi. Mwina kamodzi pa timadontho tisanu kayamba kuyera. Pakufunika masabata awiri."

Ndinamuuza za ng'ala, za chikhadabo, za zipinda zitatu zimene ndinangowerenga masiku. Ndinayembekezera kuti akwiya, ndipo anali ndi ufulu, chifukwa cha kampando kaja. Koma anapuma mozama ngati watula katundu.

"Ine ndimayesa mwayamba kumwa," anatero. "Mwezi wathunthu mukusaina m'buku la pakhomo pa mzere wa munthu wina."

"Kumwa ndinayamba kale. Uku n'kwatsopano."

Anakhala pa ndowa yovundikira, n'kumathyola tsamba louma tizidutswa. Kenaka ananena chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anati Lachlan safunika kudziwa za maso. Tikamuuze kuti mtundu uwu watinamiza tonse, ndipo kuyambira lero iye aziyang'ana mwakachetechete, azindinong'oneza, ine ndizitchula tsiku monga kale, mpaka dokotala adzandiitane. Anati bambo ake anachotsedwa pa ntchito ina chifukwa cha bondo, ndipo akudziwa mmene munthu amakhalira panyumba akamadzuka wopanda kopita.

Ndisaname, ndinaganizira. Mafani ankazungulira, ine ndikuwerengera. Chinali chinyengo chabwino, choyera, chamtundu umene ndikanachinyadira kale. Koma pafamupo chilichonse chimalembedwa ndipo munthu amasainira, ndiye bodza langa likanakhala ndi dzina lake pansi. Komanso Lachlan anali atayamba kale kumukayikira, iye osadziwa.

"Dzulo bwana anandifunsa ngati chikasu ichi si chanu," ndinatero. "Ine ndinayankha za makhalidwe a mbewu."

Anasiya kuthyola tsamba lija. Nkhope yake sindinkatha kuiona bwino, chimene chinandithandiza.

"Ndiye pitani nokha mukawauze bwana," anatero. "Ine ndikukatsegula thanki."

Lachlan anali mu ofesi akudya masangweji pa kompyuta. Ndinayamba ndi nthabwala ya wakhungu wolondera famu ya makamera makumi atatu, koma inafera m'kamwa, ndiye ndinangonena zonse mwa dongosolo, kuyambira kwa dokotala mpaka funso lake la dzulo. Anafunsa kuti ndadziwa liti za maso. Ndinati mwezi wa Juni. Anawerenga pa zala zipinda zimene tadula kuchokera Juni, n'kuika sangweji pansi. Sanakalipe. Anati akanakonda ndikanamubera, chifukwa kuba amadziwa polemba pake. Kenaka anandipempha nditseke chitseko potuluka, ali ndi mafoni oti aimbe.

Thuy anayambiranso kudyetsa, pang'onopang'ono, monga umachitira ndi munthu amene wadwala nthawi yaitali. Masamba amene anafa sanadzuke, ndipo mbewu yopanda masamba ilibe podyera kuwala. Tinadula patatha masiku khumi ndi awiri, tsiku limene anatchula iye. Mphamvu ya mankhwala inakwana, koma pa sikelo panasowa gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo ogula anadikira monyinyirika. Masiku onsewo Lachlan ankandipatsa moni yekha. Ine ndinkasesa masamba, n'kumadikira kalata yondichotsa ntchito.

Lachlan anandiitana Lachisanu, titamaliza kudula. Anati tsiku azitchula Thuy, tsopano ndiponso maso anga akadzachira, ndipo kutseka kapena kusatseka chakudya azigamula yemweyo. Ine azindifuna masiku atatu pa sabata, m'chipinda choumitsira, ngati ndikufuna. Anati waganiza masiku ambiri zondichotsa, ndipo sakulonjeza kuti wasiya kuganiza. Ndinafunsa ngati kaneti ka tsitsi kakufunikabe kumeneko. Anati kakufunika.

M'chipinda choumitsira mumakhala mdima ndi kazizira, nthambi zitapachikidwa chadodolido mizere mizere. Mulibe choyang'ana. Umagwira kanthambi, n'kukapinda pafupi ndi khutu. Kakangopindika mwakachetechete, mkati mudakali madzi, ndipo ukalongedza chichita nguwi. Kakalira kuti thwa, chauma. Lolemba lotsatira ndinayenda mizere yonse, kanthambi ndi kanthambi, mpaka nthawi ya tiyi inandipitirira. Thuy anagogoda n'kufunsa ali panja ngati ayitane olongedza mawa. Ndinapindanso kena ka kumapeto, kumene mphepo ya fani siifika bwino, ndipo sikanalire. Ndinamuuza kuti adikire mpaka Lachitatu, koma asanaimbe foni alowe apinde yekha.