Malo Otsala pa Mwala wa Amayi

Tsiku losesa manda, Lianzhi anakwera phiri pambuyo pa bambo ake, a Shen, atanyamula tsache ndi maluwa. Mwamuna wake Guoping ankatsatira ali wefuwefu, kachitini ka penti yofiira kali m'manja.

Pa mwala wa manda a amayi a Lianzhi, mayina a amoyo analembedwa mofiira, la malemu lokha lakuda. Chaka chilichonse mvula inkasulutsa utotowo. A Shen anagwada nayamba kudzutsa mayinawo ndi kaburashi: lawo, la Lianzhi, la Guoping, kenako la mdzukulu wawo Nuo, yemwe anatenga dzina la kwa bambo ake. Pambali pa Nuo panali malo osalala, osalembedwa. Pa ukwati anagwirizana kuti mwana wachiwiri adzakhala wa dzina la Shen, pakuti Lianzhi anabadwa yekha, m'masiku amene lamulo la dziko lawo linkaloleza mwana mmodzi basi. Tsopano Nuo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

"Mkamwini, kaphiri komweka mpweya watha?" anatero a Shen. "N'chifukwa chake malo awa akumera ndere."

"Mmodzi yemweyo wandimeta mpala, bambo," Guoping anayankha akusisita dazi lake.

Lianzhi sanaseke. Lamlungu lililonse, poyimba m'tchalitchi, maso ake ankagwera pa makanda a anzake, ndipo pempho lake kwa Mwini moyo linali limodzi lomwelo.

"Bambo a Nuo, nthabwala zatha," anatero. "Chaka chamawa ndikwanitsa makumi anayi. Mukuopa chiyani?"

Guoping anaika kachitini pansi.

"Mwezi wa chikuta cha Nuo uja anakuphikira phala la mapira ndani? Amayi. Lero agona apa. Ndipo iwe sunaone magazi amene unataya pobereka, unali utakomoka. Ine ndinawaona." Analoza mwalawo. "Sindifuna kudzakwera phiri lino ndi penti yakuda, mayi a Nuo."

Kaburashi kanaima m'dzanja la a Shen. Anapukuta zala pang'onopang'ono.

"Zimenezo simunandiuze," anatero. "Dzina ndi udzu, mwanangu, limafota. Ndiitana wosema miyala ajambulepo duwa, nkhani ithe."

Lianzhi ankayesa kuti mawu otere adzamupeputsa. M'malo mwake mtima unamuwawa ngati wamva za maliro. Apo anazindikira kuti mwanayo sankamufunira bambo ake, kapena dzina. Ankafuna kununkhiza kamutu kofunda, kumva Nuo akukangana ndi wina m'nyumba.

"Musamuitane, bambo. Chaka chino chokha."

Anatembenukira kwa mwamuna wake. Guoping anayang'ana mitengo ya tiyi m'munsi mwa phiri.

"Tikamve kaye kwa dokotala," anatero. "Akakana, iwenso usiye."

"Nanga akalola?"

 Guoping anatenga tsache m'manja mwa Lianzhi nayamba kusesa.